Kapepala Kofiira ka pa Bwato la Apongozi

Germiston, 21 Januwale 2024

Okondedwa amake Estela,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu, ana ndi amayi apongozi. Bondo lawo lija likuti bwanji? Kuno tili moyo, ine ndi mlamu wanga Dismas. Chimfine chinandigwira sabata yatha koma chandisiya.

Musadabwe kuti ndayamba kulemba makalata ngati mwana wa sukulu. Foni yanu ija mumaiika pa sipika, ndiye ndikati ndiyankhule ndi mkazi wanga ndimapezeka ndikuyankhula ndi mudzi wonse wa Mphuka, ndi mbuzi zomwe. Tsono a Adelina, popeza amabwera kuno kawirikawiri kudzagula mabulangete awo a malonda, avomera kumatinyamulira makalata. Ndawapatsanso marandi 1,500. Yunifomu ya Estela ikhale yoyamba, kenako ufa. Zotsala musunge za malata, musabwereketse munthu ngakhale abwere akulira.

Apongozi muwauze kuti mtima ukhale pansi. Mawu aja ndinanena pansi pa msawu tsiku lonyamuka, oti mwana wawo ndapita naye ndipo ndidzamusunga, sindinawaiwale. Dismas wazolowera. Fakitale yathu ndi ya makabati a kukhitchini, ine ndili pa makina ocheka matabwa, ndipo iye amakankha ngolo ya matabwa kuchoka kwa ine kupita ku makina osalaza, amene ali kumapeto kwenikweni kwa nyumbayi. Mapewa aja anakulira pa nkhafi akumuthandiza. Foromani wathu Jeff sadziwa n'komwe dzina lake, amangomuitana kuti Zambezi. Za mapepala ake tisalembe muno.

Nkhani yatsopano ndi yoti abwana a Eugene abweretsa mayi wina, a Barbara, kudzatiphunzitsa zimene akuzitcha liini. Akuti ndi kagwiridwe ka ntchito kosataya kanthu, kaya ndi thabwa, kaya nthawi, kaya mphamvu za m'miyendo. Anzathu okhalitsa pano anayamba kung'ung'udza. Mdala wina wa ku Mozambiki, a Arlindo, anaimirira n'kufunsa kuti, "Zotayikazo zikatha, otsatira si ife?" A Barbara anagwira pamtima, a Eugene ali pomwepo, n'kunena kuti palibe munthu adzachotsedwe ntchito chifukwa cha nzeru imene wantchito wapereka. Ndinamva ndi makutu angawa. Ine mantha ndilibe, mwamuna wanu sanabwere ku Joni kudzabisala kuseri kwa makina.

Mundipatsire moni kutchalitchi.

Ine wanu,
Yotam


25 Febuluwale 2024

Amake Estela,

Moni nonse pakhomopo. Ife tadzuka bwino. A Adelina andiuza kuti mvula yakana ndipo chimanga chapsa chisanamasule ngayaye. Mtima wandiwawa kwambiri. Mapira a kumunda wa kumtunda muwayang'anire, amenewo salira madzi ambiri, bola njovu zitichitire chifundo. Ndatumiza marandi 1,000 okha, lendi yakwera.

Za maphunziro aja, ndikuuzeni zoona, zandigwira mtima. A Barbara anapatsa aliyense timapepala tofiira tokhala ndi kachingwe. Chinthu chilichonse chimene chikungokhala osagwira ntchito timachimanga kapepala n'kupita nacho pakona ina imene aizunguliza ndi penti yofiira. Koma sichitayidwa pompo ayi. Lamulo likuti chikhale pakonapo mwezi wathunthu, mwina wina angachifune. Mwezi ukatha popanda wochifunsa, ndiye chigulitsidwe kapena chitayidwe. Amake Estela, zinatuluka zinthu! Hamala zothyoka, zitini za guluu wouma, nsapato imodzi ya munthu amene anachoka ine ndisanabwere. Kuseri kwa benchi langa kunapezeka mpeni wa makina umene tinausaka chaka chatha mpaka Jeff anatitcha akuba. Sanapepese, koma tsiku lonse anayenda maso ali pansi, ndipo ine zinandikwanira. Tsopano chida chilichonse chili ndi malo ake ojambulidwa pakhoma, ukachitenga chithunzi chake chimatsala chikukudikira.

Ndiye ndakhala ndikuganiza za pakhomo pathu. Mgolo wa madzi uli kuseri kwa nkhokwe pomwe inu mumaphikira kumaso kwa nyumba, tsiku lonse ndi ulendo wokhawokha. Ubweretseni pafupi. Chachiwiri ndi bwato la malemu apongozi aamuna. Chimwalirireni iwo lagona pansi pa msawu, lang'ambika kumutu, nkhuku ndiye zikuikiramo mazira. A Tenson a ku Boma analifunapo chaka chatha. Muenvulopu muno ndaikamo kapepala kofiira kamodzi. Mukamange pa bwatolo, mwezi ukatha muligulitse, ndalamayo igule ufa. Ndikudziwa kuti amayi adzati ndi chikumbutso, koma chaka cha njala chikumbutso sichilowa mumphika.

Dismas nditamuuza za bwatolo, limene iye amalitcha mwadiya, anati, "Mulamu, ija mwadiya musaigwire, izatidyesa siku lina." Ndinamuseka. Mnyamata ali ku Joni koma mutu ukadali padooko.

Kumene tikukhala kuno anthu ena ayambanso kuyenda m'magulu Loweruka, kufunsa anthu kumene anachokera. Ife timangokhala m'nyumba. Si nkhani yoti muuze amayi.

Wanu,
Yotam


7 Epulo 2024

Okondedwa amake Estela,

Ndikhulupirira Isitala munadya bwino ngakhale chaka chili chouma. Ife tili bwino ndithu. Kalata yanu ndinalandira ndipo ndinaiwerenga kangapo. Za mgolo mwati ndikabwere ndidzausunthe ndekha. Za bwato mwalemba mawu atatu okha, oti bwato si langa. Chabwino, ndamva. Koma kapepalako musataye, njala ikafika pakhosi mudzandikumbuka.

Tsopano khalani pansi mumve za mwamuna wanu. A Barbara anatipatsa chipepala chachikulu kuti tijambule njira imene thabwa limayenda kuchokera pakhomo mpaka kukhala kabati. Mizere inapiringizana ngati ukonde umene mwalowa ng'ona. Ndipo mzere wautali kuposa yonse unali wa Dismas ndi ngolo yake, kupita ndi kubwera, kupita ndi kubwera, malaya ali chonyowa ndi thukuta. Zinandikhudza. Ndinaimika dzanja n'kunena kuti bwanji makina osalaza abwere pafupi ndi anga, kuti ndikangocheka thabwa ndizimupatsira mnzanga pamanja. Kenako a Barbara anayamba kuomba m'manja.

Makinawo anawasuntha Loweruka lomwelo. Makabati amene tinkamaliza Lachisanu tsopano tikumaliza Lachitatu, ndipo matabwa sakukalikanso m'makona poti sagundidwa pangolo. Chithunzi changa achipachika pakhoma pafupi ndi khomo lolowera, ndili ndi kapu yatsopano kumutu. A Eugene anandigwira chanza, anatchula dzina langa molondola koyamba. Anandipatsa ndi ka bonasi, ndiye pa ndalama ndatumizayi muonjezere malata awiri. Estela mumuuze kuti bambo ake olekezera sukulu giredi 9 aphunzitsa azungu kuyala makina.

Amene sanaombe m'manja ndi a Arlindo okha. Anangondiyang'ana n'kuti, "Chikomekome cha mkuyu," osamaliza n'komwe. Ukalamba ndi nsanje zimayendera limodzi, ndawasiya.

Ngolo ya Dismas yamangidwa kapepala kofiira, ili pakona paja. Iye pakali pano akupenta mizere yachikasu pansi, yosonyeza moyenda anthu ndi moika katundu, komanso amasesa. Msana wake wapuma, akuyamba ndi kunenepa. Jeff akuti penti ikatha amupezera pena pogwira. Apongozi muwauze kuti mwana wawo ndamutula katundu.

Ine wanu,
Yotam


19 Meyi 2024

Amake Estela,

Moni. Ndikhulupirira ana ali bwino. Ine thupi lili bwino, zina ndiye mwamva kale.

Ndikudziwa kuti Dismas anaimbira amayi, ndipo ndikudziwa kuti foni inali pa sipika. Tsono Mphuka yonse ikudziwa kuti Yotam wachotsetsa ntchito mlamu wake kuti apatsidwe kapu. Dzulo ndinaimba katatu, simunayankhe. Ndiye mverani kwa ine.

Penti inatha Lachinayi. Lachisanu masana Jeff anamuitana, anamupatsa envulopu, namuuza kuti asabwerenso Lolemba. Basi. Anachotsanso anyamata ena awiri onyamula katundu. Dismas anandipeza pa makina, ovololo ili m'manja, n'kuti, "Mulamu, manje nizayenda kuti?" Ndinazimitsa makina n'kukwera kuofesi ndi fumbi langa lomwe. Ndinawakumbutsa a Eugene mawu aja ananenedwa iwo ali pomwepo. Anati Dismas sanachotsedwe chifukwa cha nzeru yanga, koma chifukwa malo ake kulibenso. Ndinafunsa kuti nanga malowo anapita kuti, anadyedwa ndi chiswe? Anati ndisamale kayankhulidwe. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti munthu wa mapepala ngati a Dismas ndi bwino achoke mwakachetechete. Mapepala omwewo anawaona pomulemba ntchito, nthawi imeneyo sanawanunkhe.

Ine sindipepesa chifukwa choganiza. Nzeru ija inali yabwino ndipo ikadali yabwino. Ndinaona mlamu wanga akuthyoka msana ndipo ndinafuna kumupeputsa. Wolakwa ndi amene analonjeza pamaso pa anthu n'kubweza mawu ake kuofesi. Amene akundinena kumeneko abwere adzaime pa makina tsiku limodzi, aone ngati pakamwa padzatsale mate onenera anthu.

Chimene chikundiwotcha mtima ndi ichi. Ngolo ija mwezi wake unakwana kale, koma ikadali pakona. Jeff akuti isatayidwe msanga, mwina idzafunika.

Dismas ali ndi ine, akudya chimene ndikudya. Ndatumiza marandi 600 okha, pakamwa pano ndi pawiri pa malipiro amodzi. Malata aja muyambe mwaima.

Yotam


23 Juni 2024

Amake Estela,

Ndikupatsani moni ngakhale inu simunandipatse. Kuno kwazizira koopsa, m'mawa madzi a m'ndowa amakhala ndi khungu. Dismas akutsokomola koma akumwa mankhwala. Amapita kukaima pamsewu ndi anzake kudikira maganyu, tsiku lina amapeza, masiku ambiri ayi. Sabata yatha anabwera wopanda jekete ndipo sanafune kunena chimene chinachitika. Inenso sindinafunse kawiri.

Katundu wanu a Adelina anafikitsa. Thumba la masawu lolembedwa Dismas, nsomba zouma zolembedwa Dismas. Ine envulopu. Ndinaitsegula ndili chiimire pasiteshoni, ndinaigwedeza, ndinasuzumiramo. Munalibe kalata. Munali kapepala kofiira kaja ndinatumiza ka pa bwato, kachingwe kake kali chimangire mmene ndinakapindira. A Adelina anayang'ana kumbali ngati sakudziwa kanthu, pomwe amadziwa zonse.

Zaka zonsezi tili limodzi, Thecla mkazi wanga, simunandinyozepo ndi pakamwa, lero mwandinyoza ndi pepala langa lomwe. Zinandipweteka, sindibisa. Koma musaganize kuti ndagwa. Masawu a Dismas ndadya nawo, ndipo anali okoma.

Kuntchito zinthu zasintha. Bokosi limene a Barbara anapachika kuti tiziponyamo nzeru zathu, poyamba linkadzaza, tsopano muli kangaude. Aliyense akaona chinthu chokhota amangochilambalala, poti wadziwa kuti nzeru imadya mnzako. Pa nthawi ya tiyi anthu akandiona amasuntha pabenchi. A Arlindo okha ndi amene anabwera kudzakhala nane. Sananene kuti ndinakuuza. Anangondigawira buledi wawo n'kuti, "Chaona mnzako chapita, mwana wanga." A Barbara amabwera Lachiwiri lokha masiku ano, ndipo akandiona amapeza chochita pa foni.

Mwezi wamawa kukubwera alendo, eni ake a fakitale ndi ogula makabati athu ambiri. A Eugene akufuna kuti ine ndidzaime kutsogolo, nditavala kapu ija, ndidzafotokoze mmene tinasunthira makina. Jeff wandipatsa ndi mawu oti ndiloweze. Ndavomera. Ndidzayankhula ndithu.

Kapepala kanu ndakasunga m'thumba la ovololo.

Yotam


21 Julayi 2024

Amake Estela,

Moni kwa inu, kwa ana ndi kwa apongozi, kaya alandira kaya sanalandire. Dismas chifuwa chachepa. Ine ndili bwino, ndipo ndili panyumba masana ano a Lamlungu monganso ndinalili Lachinayi ndi Lachisanu. Andiimitsa ntchito kudikira mlandu. Musayambe kulira, werengani kaye.

Alendo aja anabwera Lachitatu, atavala zipewa zoyera zatsopano ndi nsapato zosadziwa fumbi. Anawayendetsa m'mizere yachikasu ija anapenta Dismas, akuyamikira kuwongoka kwake. Atafika pa makina anga a Eugene anati, "Uyu ndiye Yotam wathu," nandikodola kuti ndiyambe. Ndinavula kapu n'kuiika pa makina. Ndinatulutsa kapepala kanu kaja, ndinakamanga pa batani la ovololo, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pakona yofiira. Ndinakaima pambali pa ngolo.

A Eugene anayamba ndi kuseka, ankayesa ndi sewero la maphunziro. Mzimayi wina mwa alendowo anafunsa kuti zikutanthauza chiyani. Ndinayankha m'Chingerezi changa chothyokathyoka chomwechi, koma palibe amene sanamve. Ndinati lamulo la pakona pano ndi loti chinthu sichitayidwa mwezi usanathe. Ndinati hamala yothyoka inapatsidwa mwezi wake, nsapato imodzi yopanda mwini inapatsidwa mwezi wake, ngolo iyi yakhala pano chiyambire Epulo poti mwina idzafunika. Koma munthu amene ankaikankha, amenenso anapenta mizere mwapondayo, anapatsidwa masana amodzi. Ndinati anatilonjeza kuti nzeru zathu sizidzachotsa munthu, ndipo nzeru imene inachotsa mlamu wanga ndi yanga. Tsono ngati pano anthu ndiwo zotayika, yambani ndi mwini nzeru.

Kenako ndinamva makina a a Arlindo akuzima. Mdala uja anabwera mwakukoka mwendo kwake, n'kudzaima pafupi nane. Anabweranso amayi awiri olongedza katundu. Ena onse anangoima pamalo awo, manja ali lende, ndipo fakitale yonse inati chete moti tinkamva galimoto za mumsewu.

Mzimayi uja anatembenukira kwa a Barbara n'kufunsa ngati lonjezolo linaperekedwadi. A Barbara, nkhope itafiira, anati, "Inde, ndinalonjeza ine, abwana ali pomwepo." Pa chimenecho chokha ndawakhululukira zambiri. A Eugene anatenga alendo awo kupita nawo kuofesi, ndipo ine alonda anandiperekeza kugeti. Ndinatuluka kapepala kali pachifuwa, sindinalole kuti akachotse.

Nditafika kunyumba Dismas anati, "Mulamu, mwapenga? Manje tizadya chani tonse awiri?" Kenako anaseka mpaka chifuwa chinamuyambanso. Aka kanali koyamba kuseka chichokereni ntchito.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Gulitsani mbuzi yaimuna ija, yaikazi ayi.

Wanu,
Yotam


11 Ogasiti 2024

Okondedwa amake Estela,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ife tili moyo ndipo tikumanga katundu.

Mlandu unakambidwa. Anandiikira pepala patebulo loti ndisaine kuti ndinalakwa kuchititsa manyazi kampani pamaso pa alendo, ndikapepese pamaso pa antchito onse, ndiye ndibwerere pa makina anga. Ndinafunsa funso limodzi, loti nanga Dismas abwerera? Anati za Dismas zinatha. Ndinati ndiye zanganso zatha. A Eugene anati ndiganizire ana anga. Ndinati ndikuwaganizira, n'chifukwa chake sindikufuna kuti adzamve kuti bambo awo anagwada kupepesa chifukwa chonena zoona. Cholembera ndinachibweza chili chotseka.

A Arlindo ndi amayi aja anangowachenjeza, ntchito ikadalipo, ndipo ndathokoza Mulungu pa chimenecho. Anyamata awiri anachotsedwa limodzi ndi Dismas aja ndamva kuti mmodzi amuitananso, poti alendo aja anafunsa mafunso ambiri. Dismas ayi, mukudziwa chifukwa chake. Chithunzi changa anachichotsa pakhoma. Makina ndiye ali pomwe ndinawaika, sanawabweze, poti nzeru ya wamisala ikuwapangirabe ndalama.

Sindibwera ndi malata. Sindibwera ndi foni imene Estela anapempha, mumuuze pang'onopang'ono. Ndikudziwa kuti chaka ndi cha njala ndipo ndikubweretsa pakamwa pawiri. Anthu adzaseka padooko, asiyeni aseke, mano ndi awo. Koma apongozi muwauze kuti ndinati mwana wawo ndapita naye ndipo ndidzamusunga. Ntchito yake ndalephera kuisunga, koma iye sindinamusiye pamsewu wa eni. Ndikubwera naye ndekha, adzamuwerenge zala ngati zili zonse.

Tinyamuka ndi a Adelina Lachisanu likubwerali, kudzera ku Chirundu. Tikagona ku Lusaka, ndipo tikapeza galimoto pa Bridge, pamlatho paja popatukira kwathu, tifika Lolemba kapena Lachiwiri. Pa ndalama zimene anandipatsa potuluka ndagula chitini cha phula, misomali ndi kachidutswa ka lata. A Adelina akuti bwato likadali pansi pa msawu, ndipo akuti a Tenson atabwera ndi ndalama m'manja munawabweza musanawapatse ndi mpando womwe. Munachita bwino kundikanira. Nkhuku muzisamutse. Dismas akuti mng'alu wa kumutu uja ndi wa masiku awiri, ndipo amalonda owoloka mtsinje kupita ku Zumbo, tsidya la Mozambiki, sanathe. Tizidzapalasa iye kumbuyo, ine kutsogolo, monga kale. Mgolo wa madzi uja ndidzausuntha ndekha monga munanenera.

Chatsala ndi chimodzi, Thecla. Kapepala kaja munanditumizira popanda mawu, mpaka lero sindikudziwa ngati munkati ndikaone kupusa kwanga kapena munkamanga ine amene. Ndikubwera nako, kathimbirira ndi thukuta koma kachingwe kali bwino. Ngati ndi ine munkamanga, sindikana, mudzandimange pa batani ndi manja anu n'kundiimika pansi pa msawu. Koma lamulo mukulidziwa, ndinakulemberani ndekha. Chomangidwa kapepala sichitayidwa mwezi usanathe, mwina wina angachifune. Kufakitale sanandipatse mwezi wanga. Kwa inu ndikuufuna wonse.

Ine mwamuna wanu,
Yotam